Usanamange Mawaya pa Mano, Dziwa Zimene X-ray Imaona

Mnzanga wacinyamata, ndifuna ticezeko nkhani ya m'kamwa. Masiku ano ukayenda m'Lusaka, m'Ndola kapena m'Chipata, ukumana ndi anyamata ndi atsikana ambiri amene ali ndi timawaya tonyezimira pa mano. Ena anatimanga cifukwa mano ao ndi opanikizana. Ena mano a kutsogolo anatulukira kunja kotero kuti milomo siikumana bwino. Aliponso ena amene angofuna kufanana ndi anzao a pa Facebook ndi TikTok. Kapena iwenso uli ndi dzino lokwera pa linzake, ndipo ku kwaya umaimba utachinga pakamwa ndi buku la nyimbo. Ngati ndi tero, khala pansi uwerenge.

Ine sindinena kuti kufuna mano olongosoka ndi kunyada, ai. Mano opanikizana amabvuta kutsuka, ndipo mano otulukira kunja amathyoka msanga ukagwa pa njinga kapena pa mpira. Koma dzino limene uona pa galasi ndi mutu wake cabe. Gawo lalikulu, limene ndi muzu, lakwiririka m'fupa la nsagwada. Munthu amene afuna kuwongola mano ako adzasuntha mizu imene sangaione ndi maso, ndipo ndico cifukwa cake amayamba wajambula X-ray. Tsono funso langa ndi ili: kodi cithunzi cimeneco cimanena zoona mpaka pati?

Dzino limayenda bwanji m'fupa?

Dzino silinakhomedwe m'fupa monga msomali m'thabwa. Pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa tating'ono kwambiri timene timaligwira mbali zonse. Waya ukamakankha dzino pang'onopang'ono, thupi limagumula fupa kutsogolo kumene dzinolo likupita, nilimanganso fupa latsopano kumbuyo kumene lacokera. Motero dzino limayenda pafupifupi milimita 1 pa mwezi, ndipo nchito yonse kawirikawiri imatenga caka ndi theka kapena zaka 2.

Ulendo umenewu uli ndi ngozi zake. Muzu ungakankhidwe mpaka kugunda muzu wa dzino linzake. Ungakankhidwenso mpaka kutulukira kunja kwa fupa, usinini nuyamba kutsika. Ungakumane ndi dzino lina lobisala m'fupa limene palibe amene analidziwa. Zikatero muzu umadyeka ndi kufupika, ndipo muzu wodyeka sumeranso. Kumbukira kuti munthu amamera mano kawiri kokha, 20 a ubwana ndi 32 a ukulu. Dzino la ukulu likaguluka, palibe lina limene lidzabwera m'malo mwake.

X-ray ndi mthunzi

Pa 8 Novembala 1895, katswiri wina wa sayansi dzina lake Wilhelm Conrad Röntgen, wa mu mzinda wa Würzburg ku Germany, anatulukira ceza cosaoneka ndi maso cimene cimapyola mnofu koma cimachingidwa ndi mafupa ndi zitsulo. Popeza sanadziwe kuti ncamtundu wanji, anacicha X. Mu 1901 analandira mphotho ya Nobel cifukwa ca nchito imeneyi. Patangopita masabata ocepa citatulukiridwa, mu Januwale 1896, dotolo wa mano Otto Walkhoff wa ku Braunschweig anaika kagalasi kojambulira m'kamwa mwake nakhala cete kwa mphindi 25 kuti ajambule mano ake. Lero kujambula dzino limodzi sikutha ndi sekondi yomwe.

Makina asintha kwambiri, koma cinthu cimodzi sicinasinthe. Cithunzi ca X-ray ndi mthunzi. Ceza cimacokera mbali imodzi, cipyola m'nsagwada, nicikagwera pa filimu kapena pa kacipangizo ka kompyuta mbali inayo. Pamene pali cinthu colimba pamaoneka poyera, pamene pali cofewa pamaoneka pakuda.

Usiku wina malaiti akapita, uyese izi. Yatsa kandulo, uimike dzanja lako pakati pa kanduloyo ndi cipupa. Ukasendeza dzanja kufupi ndi kandulo, mthunzi ukula ngati wa cimphona. Ukalisendeza kufupi ndi cipupa, mthunzi ucepa nufanana ndi dzanja lenileni. Tsopano pendeketsa cala cimodzi kuti ciloze ku kandulo. Uona kuti mthunzi wake wafupika, ngakhale calaco ncimodzimodzi. Pomaliza ika cala cimodzi kumbuyo kwa cinzake. Pa cipupa paoneka cala cimodzi cokha, ndipo munthu woyang'ana cipupaco sangadziwe kuti zalazo ndi ziwiri, kapena kuti cakutsogolo ndi citi.

Zimene waona pa cipupapo ndizo zimene madotolo a mano amalimbana nazo tsiku ndi tsiku. Mthunzi ungakulitse dzino, ungalifupikitse kapena kulitalikitsa, ndipo ungabise dzino lina kumbuyo kwa linzake. Umaonetsa bwino za kumwamba ndi kumunsi, za kumanja ndi kumanzere, koma sunena ngati dzino lili kufupi ndi mlomo kapena kufupi ndi lilime.

Zithunzi zimene ungakumane nazo

Coyamba ndi kacithunzi kakang'ono. Amakuika kafilimu m'kamwa kumbuyo kwa mano, makina nakhala kunja pa tsaya. Kamaonetsa mano 2 kapena 3 okha, kuyambira ku mutu mpaka ku nsonga ya muzu. Pa zithunzi zonse za mano, aka ndiko kamaonetsa zinthu mwatsatanetsatane. Koma ngati wojambula apendeketsa makina mopitirira, dzino limaoneka lalifupi kapena lalitali kuposa mmene liliri. Ncifukwa cake amagwiritsa nchito kapulasitiki kogwirira filimu kamene umaluma, kuti filimuyo iime molingana ndi dzino.

Caciwiri ndi cithunzi ca mutu wonse cojambulidwa cam'mbali. Mu 1899 dotolo wa ku America Edward Angle anagawa kalumidwe kolakwika ka mano m'magulu 3, poyang'ana mmene zitsakano zoyamba za kumwamba ndi za kumunsi zimakumanirana. Koma kuyang'ana mano okha sikunena ngati bvuto lili m'mano kapena m'mafupa a nsagwada. Mu 1931 anthu awiri, B. Holly Broadbent ku America ndi Herbert Hofrath ku Germany, aliyense payekha, anapeza njira yojambulira mutu mofanana nthawi zonse. Timitengo tiwiri timalowa m'makutu kuti mutu usagwedezeke, ndipo makina amakhala patali pafupifupi mita ndi theka. Popeza kandulo ili patali, mthunzi umakula pang'ono cabe, ndipo kakulidweko nkodziwika. Dotolo amayesa mmene nsagwada ya kumwamba ndi ya kumunsi zakhalira, ndi mmene mano a kutsogolo apendekera. Angathenso kufanizira cithunzi ca caka cino ndi ca caka camawa kuti aone mmene mwana akukulira. Kufooka kwake nkwakuti mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimasanjikizana pa cithunzi cimodzi.

Cacitatu ndi cithunzi cacikulu cimene cimaonetsa mano onse mu mzera umodzi, kucokera ku khutu lina kufika ku linzake. Amacicha panoramic kapena OPG. Amene anagwira nchito yaikulu pocikonza ndi Yrjö Paatero wa ku Finland, kuyambira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ici ndico cithunzi cimene anthu ambiri ofuna mawaya amajambulidwa, ndipo ndico cimene ndifuna tinenepo zambiri.

Cithunzi cacikulu: ubwino wake ndi malire ake

Pojambula umaimirira, nuluma kamtengo ka pulasitiki ndi mano a kutsogolo. Makina amazungulira mutu wako kwa masekondi pakati pa 10 ndi 20. Mbali yotulutsa ceza imadutsa kumbuyo kwa mutu, ndipo mbali yolandira mthunzi imadutsa kumaso.

Pa mafunso ena cithunzi ici ncodalirika kwambiri. Cimanena ngati mano onse a ukulu alipo m'fupa kapena ena sanapangike nkomwe. Cimaonetsa dzino lowonjezera limene labisala, mano amene sanamere, mizu yopindika, ndi zitsakano zothera zija zimene zimamera munthu atafika zaka 17 kapena kuposerapo. Pa kuwerenga mano ndi kuona zobisika, palibe cina cacangu ndi cochipa monga ici.

Bvuto limayamba pamene tifuna kuti citiuze miyeso. Nsagwada ndi yopindika ngati uta, koma cithunzi ndi cafulati. Kuti uta ugone pa pepala, makina anapangidwa kuti aone bwino kampita kopapatiza kokha, kopindika monga nsagwada ya munthu wamba. Dzino limene lili mkati mwa kampitako limaoneka bwino. Limene lili kunja kwake limaoneka lacimbuuzi, lonenepa kapena loonda. Ndipo nsagwada za anthu sizifanana.

Kuwonjezera apo, cithunzici cimakulitsa zinthu, kawirikawiri ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse. Dzino lotalika mamilimita 20 lingaoneke ngati la mamilimita 25. Kukulitsako sikufanana paliponse. M'litali kumakhala kokhazikika ndithu, koma m'lifupi kumasintha malinga ndi mmene waimira. Ukasendera kutsogolo kwambiri, mano a kutsogolo amaoneka oonda ngati timitengo ta macisi. Ukatsalira kumbuyo, amaoneka otakata. Ukatembenuza mutu pang'ono, mano a mbali imodzi amaoneka aakulu kuposa a mbali inayo. Ukaweramitsa cibwano, mzera wa mano umapindika ngati munthu akuseka kwambiri, ndipo ukacikweza, mzerawo umagona fulati, mizu ya mano a kumwamba nibisika. Ngakhale fupa la msana wa m'khosi limaponya mthunzi wake pa mano a kutsogolo.

Pali cinanso cofunika kwa munthu wa mawaya. Dotolo amafuna kuti pomaliza nchito mizu ya mano iime molondolana, yosagundana. Ambiri amayang'ana zimenezi pa cithunzi cacikuluci. Koma mu 2002 ofufuza a pa yunivesite ya Alberta ku Canada anayesa makina 4 osiyana pa mano amene kupendekera kwao kunali kodziwika kale. Anapeza kuti pa mano ambiri, kupendekera kwa pa cithunzi kunasiyana ndi kwenikweni. Kusiyanaku kunali kwakukulu pa ngodya ya kamwa, pamene pali dzino losongoka ndi citsakano caching'ono coyandikana nalo, cifukwa pamenepo ndi pamene uta umapindika kwambiri. Tanthauzo lake ndi lakuti mizu iwiri ingaoneke ngati yatalikirana kapena yayandikirana pa cithunzi, pamene m'fupa ili bwinobwino. Dotolo amene angapinde waya cifukwa ca mthunzi wokha angapotoze dzino limene linali loongoka kale. Wodziwa nchito yake amayang'ananso m'kamwa, nakhudza usinini ndi cala kuti amve pamene mizu yadutsa.

Dzino losongoka limene limasocera

Pa mano onse, kupatula zitsakano zothera zija, limene limakonda kusocera m'fupa ndi dzino losongoka la kumwamba. Limayambira patali, pafupi ndi mphuno, ndipo limayenda ulendo wautali lisanatulukire pa zaka 11 kapena 12. Mwa anthu 100 alionse, mmodzi mpaka atatu dzinoli silifika pamalo pake, ndipo zimacitika kwambiri kwa atsikana kuposa anyamata.

Zimenezi ndinaziona pa mwana wa mlongo wanga. Anali ndi zaka 12. Kumanja dzino losongoka la ukulu linali litamera kale, koma kumanzere kunali kakadali kadzino ka ubwana, kolimba osagwedera. Tinapita naye kwa dotolo wa mano. Iye anayamba wapapasa usinini pamwamba pa kadzinoko ndi cala, ndipo sanamve kabunthu kamene kamamveka dzino likamabwera m'njira yake. Anajambula cithunzi cacikulu. Dzinolo linaoneka, litapendekera ku mizu ya mano a kutsogolo, ndipo linali lalikulu kuposa linzake la kumanja.

Mwanayo anandinong'oneza nati, "Amalume, si ilo laoneka? Nanga afuna kujambulanso ciani?"

Dotoloyo anamumva, namuyankha kuti, "Mwanawe, ndaliona kuti lilipo, koma sindinadziwe ngati lili kutsogolo kwa mizu iyi kapena kumbuyo kwake. Kukula kwake kukundiuza kuti mwina lili kumbuyo, koma ndifuna umboni waciwiri."

Uona nzeru yake? Pa makina aja ceza cimacokera kumbuyo kwa mutu. Cotero dzino limene lili mkati, ca kumwamba kwa kamwa, lili kufupi ndi kandulo, ndipo mthunzi wake umakula. Limene lili ca ku mlomo mthunzi wake umacepa. Ici ndi cizindikiro cothandiza, koma pacokha sicikwanira.

Umboni waciwiri unacokera ku njira yakale imene dotolo wa ku Britain Charles Clark anafotokoza mu 1910. Iwenso uidziwa kale ngakhale sunaiphunzire. Ukakwera basi pa mseu wa Great East, mitengo ya m'mphepete mwa mseu imathamangira kumbuyo, koma mapiri a kutali amaoneka ngati akuyenda nawe. Dotolo anajambula tizithunzi tiwiri tating'ono, ndipo pa kaciwiri anasuntha makina cam'mbali pang'ono. Dzino lobisala linasunthira komwe makina anasunthira. Ndiye kuti linali kutali ndi makina, kumbuyo kwa mizu ija. Likanasunthira kwina, bwenzi lili ca ku mlomo.

Kudziwa zimenezi kunasintha zocita. Mu 1988 madotolo awiri a ku Sweden, Sune Ericson ndi Jüri Kurol, anaonetsa kuti kwa ana a zaka 10 mpaka 13 amene dzino losongoka lasocerera mkati, kuzula kadzino ka ubwana kokha kunathandiza mano 78 pa 100 alionse kubwerera m'njira yake. Pamene dzinolo linali lisanapitirire pakati pa muzu wa dzino loyandikana nalo, zinatheka pa mano 91 pa 100. Pamene linali litapitirira, zinatheka pa 64 okha. Mwana wa mlongo wanga anamuzula kadzino kaja, ndipo anamuuza kuti azibwera kukaonedwa. Patapita caka ndi miyezi, dzino la ukulu linatulukira lokha. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Akanadikira mpaka zaka 18, njira yotsala ikanakhala ya opaleshoni yotsegula usinini ndi kukoka dzinolo ndi kaunyolo kwa miyezi yambiri.

Zimene mthunzi ungabise

Dzino losocera silikhala cabe m'fupa. Lingatsamire muzu wa dzino la kutsogolo ndi kuudya mwakacetecete, popanda kuwawa. Pamene Ericson ndi Kurol anayang'ana ndi zithunzi wamba, anapeza mizu yodyeka mwa ana pafupifupi 12 pa 100. Mu 2000 anafufuza ana 107 ndi makina a CT, amene amaona fupa mbali zonse, ndipo anapeza mizu yodyeka mwa ana 48 pa 100. Cifukwa cacikulu ca kusiyanaku ndi cija ca zala ziwiri. Ngati muzu wadyeka kutsogolo kapena kumbuyo, mthunzi wa dzino losoceralo umaphimba balalo. Paja amati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku Italy ndi ku Japan anapanga makina a CT aang'ono opangidwira mano ndi nsagwada, ochedwa CBCT. Makinawa amajambula zithunzi zambirimbiri pozungulira mutu, ndipo kompyuta imazilumikiza kukhala nsagwada imene dotolo angaitembenuze ndi kuiona kucokera mbali iliyonse. Sikulitsa zinthu, cotero milimita ya pa cithunzi ndi milimita ya m'kamwa, ndipo mano sasanjikizana.

Mwina ukuti, "Basi aliyense azijambulidwa ndi imeneyo." Usafulumire. CBCT imapereka ceza cambiri kuposa cithunzi cacikulu cija, nthawi zina kangapo, nthawi zina kuwirikiza makumi, malinga ndi makina ndi kukula kwa malo ojambulidwa. Ndi yodula, ndipo imapezeka m'malo ocepa. Nayonso ili ndi malire. Zitsulo za m'kamwa zimabalalitsa cithunzi, ndipo fupa lopyapyala kwambiri nthawi zina limaoneka ngati palibe pamene lilipo. Malangizo a akatswiri ndi akuti CBCT izigwiritsidwa nchito pokhapokha pamene zithunzi wamba zalephera kuyankha funso limene lingasinthe cithandizo, makamaka kwa ana, amene matupi ao amamva ceza msanga kuposa a akulu.

Kodi ceza cimeneci ncoopsa?

Kale cinali coopsa zedi kwa ojambula. C. Edmund Kells, dotolo wa mano wa ku New Orleans amene anayamba kujambula odwala mu 1896, anali kuika manja ake m'njira ya ceza kawirikawiri. Patapita zaka anadwala khansa ya pa khungu, nadulidwa zala, kenaka dzanja, pothera mkono wonse. Zowawa za anthu onga iye ndizo zinabala malamulo a citetezo amene alipo lero.

Masiku ano muyeso wake ndi wocepa kwambiri. Munthu aliyense pa dziko lapansi amalandira ceza cacilengedwe kucokera m'nthaka, m'miyala, m'mpweya ndi kumwamba, pafupifupi 3 millisievert pa caka. Kacithunzi kakang'ono ka dzino kamafanana ndi ceza ca tsiku limodzi kapena kucepera. Cithunzi cacikulu cimafanana ndi ca masiku ocepa, osafika sabata. Cotero usakane X-ray imene dotolo ali ndi cifukwa coijambulira. Komanso usalole kujambulidwa mobwerezabwereza popanda cifukwa. Mtsikana kapena mai amene ali ndi pakati, kapena akuganiza kuti ali napo, auze ojambula asanayambe.

Mbali yako ndi iti?

Kulondola kwa cithunzi kumadaliranso iwe. Bvula masikiyo, mkanda, magalasi a maso ndi zitsulo za m'tsitsi. Sikiyo ya ku khutu la kumanja imaponya mthunzi wabodza kumanzere kwa cithunzi, ndipo mthunziwo ungaphimbe dzino limene akufuna. Luma kamtengo pamalo pamene akuonetsa. Imirira coongoka. Akakuuza kuti ukanikize lilime lonse kumwamba kwa kamwa, ucite zomwezo, cifukwa mpweya wotsala pamenepo umalemba mzera wakuda pa mizu ya mano a kumwamba. Usagwedezeke mpaka makina ataima. Ukagwedezeka adzabwereza, ndipo udzalandira ceza kawiri.

Cithunzi cikatuluka, funsa mwaulemu, pakuti safunsa anadya phula. Upemphe adotolo akuwerengere mano onse pa cithunzipo. Ufunse ngati pali dzino losamera, ndipo ngati lilipo, adziwa bwanji mbali imene lili. Ufunse ngati mizu yako ndi yotalika mokwanira ndi fupa ndi lolimba mokwanira kupirira mawaya. Ngati akuti azule mano ena a ukulu kuti apeze malo, ufunse kuti ndi ati ndipo cifukwa ninji. Upemphenso kope la cithunzico, cifukwa ukasamuka kapena ukafuna kumva maganizo a dotolo wina, sudzafunika kujambulidwanso. Dotolo wabwino sakwiya ndi mafunso otere.

Uzindikirenso kuti X-ray ndi mboni imodzi pakati pa mboni zingapo. Dotolo woongola mano amayang'ana nkhope yako ndi kalumidwe kako, amayesa usinini, amajambula zithunzi za kamera, ndipo amaumba cifanizo ca mano ako kapena kuwajambula ndi kacipangizo ka kompyuta. Kukula kwa mano ndi malo amene akusowa amayesa pa cifanizoco, osati pa cithunzi cacikulu cija cimene cimakulitsa zinthu.

Tsono ngati dotolo wophunzira, wokhala ndi zithunzi m'manja, amafunabe umboni waciwiri, nanga munthu womanga mawaya m'saluni kapena kuseri kwa shopu, wopanda cithunzi ciliconse, akuona ciani? Iye sadziwa kutalika kwa mizu yako. Sadziwa ngati pali dzino lobisala m'njira. Waya wake ungakhale wokongola, koma umakankha mano mofanana ndi wa ku cipatala, ndipo palibe amene akuuongolera. Ndikucenjezenso za kumanga mano a kutsogolo ndi kalabala kuti utseke kampata ka pakati. Kalabalako kamatsetserekera pansi pa usinini, nikayenda motsata mizu kakuononga fupa, ndipo alipo acinyamata amene anataya mano onse awiri a kutsogolo mwa njira imeneyi. Kalabala wamba sikaoneka ndi pa X-ray pomwe. Kuno kwathu ambiri amati kampata kameneko ndi kukongola. Koma ngati kakudetsa nkhawa, kapimitse, cifukwa nthawi zina kamabwera ndi kadzino kowonjezera kobisala pakati pa mizu.

M'dziko lathu la Zambia, aliyense wogwira nchito ya mano ayenera kulembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo uli ndi ufulu wofunsa ngati munthu amene afuna kukugwira m'kamwa ali ndi cilolezo. Ngati kwanu kuli kutali ndi tauni, yambira ku cipatala ca boma kapena ca mishoni cimene cili ndi cipinda ca mano. Iwo adzakupima ndi kukuuza ngati pafunika kukutumiza kwa katswiri. Ngati ndalama za mawaya palibe caka cino, mano opanikizana angadikire, bola uziwatsuka bwino kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Anthu amaongoletsa mano ngakhale ali ndi zaka 30 kapena 40.

Cimene sicidikira ndi dzino losocera. Cotero ndikupatsa nchito ya kunyumba. Lero madzulo uitane mng'ono wako kapena mlongo wako wa zaka 10 mpaka 13, umuuze atsegule pakamwa. Kuyambira pakati pa mano a kumwamba, werenga mpaka dzino lacitatu mbali zonse ziwiri. Ngati mbali imodzi dzino losongoka la ukulu linamera miyezi 6 yapitayo kapena kuposerapo, koma mbali inayo kakadali kadzino ka ubwana kosagwedera, uwauze amai kapena atate kuti apite naye kwa dotolo wa mano mwezi uno. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu la acinyamata, uwauzeko anzako kuti nawonso akayang'ane ang'ono ao.